Galimoto yatsopano ikadontha, musathamangire kwa makaniko wapansi pa mango

Chipumireni ntchito yoyang'anira magalimoto a bungwe lina kuno ku Salima, foni yanga yasanduka ofesi ya madandaulo. Funso limene limabwerabwera, makamaka dzuwa la Okutobala likayamba kuswa mtengo, ndi ili: "Achimwene, galimoto ija ndangoitenga ku Lilongwe miyezi itatu yapitayi, koma m'mawa uno ndapeza pansi pake panyowa. Nditani?" Ndayankhapo pa foni, pamaliro, ngakhale pamzere wa mafuta pa Kamuzu Road. Pakamwa pauma. Ndalemba kamodzi, ndipo wondifunsanso ndizingomutumizira zimenezi.

Tiyambe tamvana pa mawu akuti "yatsopano". Kuno timatcha yatsopano ngakhale galimoto yochokera ku Japan, yodzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, imene wina anaiyendetsa kale zaka zisanu ndi ziwiri. Imeneyo ndi yatsopano kwa inu nokha, ndipo waranti ya fakitale ilibe. Ine ndikunena galimoto imene munaigula kwa dila, kutanthauza kampani yovomerezeka ndi opanga galimotoyo, mipando ikadali m'mapulasitiki. Waranti, imene ena amati galanti, ndi lonjezo lolembedwa lakuti chinthu chikawonongeka chifukwa cha kapangidwe, iwo akonza osakulipiritsani. Lonjezolo lili ndi malire a zaka ndi makilomita, ndipo lili ndi zinthu zimene inu mukachita, iwo amasamba m'manja. Anthu ambiri amataya waranti tsiku loyamba lomwelo, chifukwa chofulumira.

1. Musapukute, musatsuke, musasunthe galimoto. Jambulani.

Dontho lija ndi mboni yanu. Tengani foni, jambulani pansi pamene panyowa galimoto ikadali pomwepo, kuti zioneke kuti dontho lili mbali iti. Jambulani nambala ya galimoto, kenako tembenuzani kiyi mujambule dashibodi kuti makilomita aoneke. Tsegulani boneti, jambulani paliponse pamene pakunyezimira kapena pamene fumbi lamatirira n'kusanduka matope akuda. Mnyamata wotsuka galimoto muuzeni kuti lero apume. Iye akathira madzi ndi sopo mu injini, wafufuta umboni wonse ndi mtima wabwino.

2. Dziwani chimene chikudontha.

Pezani katoni yoyera mkati, ipasuleni, muiyale pansi pa galimoto madzulo, ndipo mulembepo ndi cholembera mbali ya kutsogolo ndi ya dalaivala. Ikani miyala m'makona chifukwa mphepo ya kunyanja imaulutsa. Pamchenga wathuwu dontho limangomira osaonetsa mtundu, n'chifukwa chake katoni ndi yofunika. M'mawa yang'anani, khudzani ndi chala, nunkhizani. Osalawa.

Ngati ndi madzi oyera mbee, opanda fungo, osaterera, ndipo ali chapansi pa dashibodi, makamaka mutayenda ndi eyakoni, pumani. Amenewo ndi madzi amene eyakoni imakama mu mpweya, ndipo m'dera lotentha ndi lachinyontho ngati Salima ndi Nkhotakota amachuluka mpaka kuyenda ngati kamtsinje. Mwa anthu amene amandiimbira, ambiri nkhani yawo imathera pamenepa. Chimodzimodzi timadontho ta madzi totuluka ku egizozi m'mawa injini isanatenthe.

Zotsalazi ndiye zofuna maso. Oyilo wa injini akakhala watsopano amaoneka ngati uchi, akagwira ntchito amada, ndipo wa galimoto ya dizilo amada msanga. Madzi oziziritsa injini, amene amakaniko amati kulanti, amakhala apinki, obiriwira kapena abuluu, amanunkhira motsekemera, ndipo akauma amasiya zoyerayera. Ndi poyizoni: agalu ndi ana asayandikire. Oyilo wa giyabokosi ya otomatiki nthawi zambiri amakhala wofiirira. Oyilo wa difu, pakati pa matayala a kumbuyo a pikapu, ndi wolemera ndipo amanunkha ngati mazira owola. Wa mabuleki amakhala woyera kapena wachikasu pang'ono, woterera, ndipo mumamupeza mkati mwa tayala kapena pansi pa kathanki kake kufupi ndi dalaivala. Petulo ndi dizilo, mphuno ikuuzani yokha. Za oyilo wa chiwongolero musavutike nazo musanayang'ane m'kabuku, chifukwa magalimoto ang'onoang'ono ambiri a masiku ano chiwongolero chake chimayendera magetsi, oyilo alibe.

Chenjezo limodzi: pamene dontho lagwera si pamene likuchokera. Magalimoto ambiri ali ndi chipulasitiki kapena chitsulo chophimba pansi pa injini. Oyilo amayamba wadzadza pamenepo, n'kukatulukira pabowo lakutali. Mphepo ya pamsewu nayonso imakankhira oyilo kumbuyo. Choncho musakafike kwa dila mukulamula kuti "ndi giyabokosi". Inu mudziwe mtundu ndi kuchuluka, zotsalazo ndi ntchito yawo.

3. Yezani mulingo, mulembe.

Galimoto ikhale pamalo osapendekeka, injini itazizira. Solani dipusitiki, kachitsulo koyezera oyilo wa injini, pukutani, bwezerani mpaka pansi, solaninso, jambulani. Yang'anani kathanki ka kulanti ndi ka mabuleki; timathankito tili ndi mizere iwiri, wapamwamba ndi wapansi. Ine ndimamata kaselotepu pamene pali mulingo n'kulembapo tsiku. Mawa lake mumaona nokha ngati watsika. Chivindikiro cha radiyeta musachitsegule injini ili yotentha. Madzi a m'menemo amakhala atapanikizika, ndipo amatumphukira kumaso.

4. Werengani kabuku, imbani foni, kenako lembani.

M'kabati ya kutsogolo muli timabuku tiwiri kapena titatu timene ambiri sanatitsegulepo. Kamodzi ndi ka waranti ndi sevisi. Ka galimoto zimene ndinkayang'anira kankati zaka 3 kapena makilomita 100,000, chimene chayamba kukwana. Kanu kangakhale ndi manambala ena, choncho werengani kanu. Onaninso ngati masevisi onse anadindidwa pa nthawi yake, chifukwa funso loyamba limene adzakufunseni ndi limenelo.

Imbani kwa dila, pemphani a ku sevisi, osati amene anakugulitsani uja. Wogulitsayo adzakusekererani bwino, koma za waranti sasaina ndi iye. Funsani dzina la amene mukulankhula naye. Mukamaliza, tumizani uthenga pa WhatsApp kapena imelo: tsiku, nambala ya galimoto, makilomita, zimene mwaona, ndi zithunzi zija. Mufunse mafunso awiri momveka: "Ndiyendetse kubwera nayo kapena mutumiza bulekidauni? Ngati ndikufunika kuwonjezera oyilo kapena kulanti, ndithire wamtundu wanji?" Dikirani yankho lolembedwa. Mawu a pa foni amauluka, ndipo tsiku la mlandu aliyense amati "ine sindinanene choncho".

5. Makaniko wanu wa masiku onse ayang'ane ndi maso, asagwire sipanala.

Amakaniko athu ndimawalemekeza. Pali amene amaukitsa minibasi yakufa ndi waya ndi mpira wa chubu, n'kukafika nayo ku Dwangwa. Koma pa galimoto ya waranti luso lomwelo ndi limene lingakuphetseni ndalama. Sopo womata pathanki, dzira m'radiyeta, silikoni pa gasiketi (chotsekera pamene zitsulo za injini zakumana), mabotolo aja a mankhwala otseka podontha: zonsezi zisiyeni.

Alamu anga anagula pikapu pangongole, yonyamulira mpunga ndi usipa. Isanakwane miyezi isanu, inayamba kuchita thukuta la oyilo kutsogolo kwa injini. Ndinawauza kuti, "Alamu, dikirani Lolemba, tiimbe foni." Iwo anati, "Aa, alamu, kanthu kakang'ono aka mpaka Lilongwe? Mnyamata wanga amata pompano." Mnyamatayo anamasula chivindikiro, anapaka silikoni wofiira, anamanga. Patapita milungu itatu kudontha kunabwerera mowirikiza. Atafika nayo kwa dila, mkulu wa amakaniko anangoloza ndi chala kamzere kofiira kamene kanafinyikira kunja, n'kufunsa kuti, "Bambo, uyu anapaka ndani?" Nkhani inathera pomwepo. Analipira okha ntchito imene ikanakhala yaulere, uku banki ikudula yake mwezi ndi mwezi. Mpaka lero nkhaniyi sitiikamba pa chakudya.

Kuwonjezera oyilo kapena kulanti wolembedwa m'kabuku si kukonza, ndipo n'kololedwa. Sungani lisiti ndi botolo. Musasakanize makulanti a mitundu yosiyana. Mukasowa pogwira, m'malo mwa kulanti thirani madzi a m'botolo ogula m'sitolo ndipo mukawauze kuti munatero. Madzi a m'mijigo ina kuno ndi amchere, amasiya zokakamira m'radiyeta.

6. Kuyendetsa kapena kunyamula?

Apa ndi pamene malangizo olembedwera anthu a m'tauni satithandiza. Iwo amati "pitani nayo kwa dila" ngati kuti dila ali kuseri kwa msika. Ife kuchokera pa Salima kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14, ndipo wa ku Nkhotakota ayambe wayenda oposa 100 ena pa M5 asanafike n'komwe pa Salima. Komanso msewuwo ndi wokwera. Nyanja ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ili pa mamita oposa 1,000. Zitunda za ku Mvera ndi Chezi ndi zimene zimaulula galimoto yodwala: injini imagwira ntchito yolimba, kutentha kumakwera, ndipo kabowo kamene kamangochita thukuta pakhomo kamayamba kuchucha.

Lamulo langa ndi ili. Ngati akudontha ndi oyilo wa mabuleki, galimoto isayende, ngakhale kupita pa sitolo. Ngati ndi petulo kapena dizilo, osaliza n'komwe, ndipo mbaula ikhale kutali. Ngati kulanti kapena oyilo wa injini akupanga chithaphwi, kapena mulingo ukutsika usiku umodzi wokha, imeneyo ndi ya bulekidauni. Ngati nyali yofiira yooneka ngati ketulo yayaka injini ikulira, zimitsani pomwepo. Imatanthauza kuti oyilo sakuzungulira mokwanira, ndipo mphindi zochepa zokha injini imanoka.

Kuyendetsa kumatheka ngati ndi timadontho tiwiri titatu pa usiku, mulingo sukusuntha, ndipo dila wavomera molemba. Zikatero nyamukani m'mamawa kusanatenthe, musasenze katundu, tengani botolo la oyilo kapena kulanti woyenera, ndipo muime kawiri kapena katatu panjira n'kusuzumira pansi. Diso lisachoke pa geji ya kutentha. Ikayamba kukwera, imani pambali, zimitsani, imbani. Musanene kuti "tafika kale, Kanengo ndi apa". Chifukwa chake n'chakuti waranti imalipira silu (kampira kotchinga oyilo kuti asatuluke) kapena payipi imene inali yolakwika, koma mukapitiriza kuyenda nyali ikuchenjeza mpaka injini n'kupsa, adzati injiniyo mwaipha ndinu. Magalimoto a masiku ano ali ndi kompyuta imene imasunga zolakwika, choncho bodza silipita patali.

Za bulekidauni funsani kaye amene alipire. Mawaranti ena amaphatikiza kunyamula, ena ayi, ndipo inshuwalansi ina ya komprehensivu imathandizapo. Mukalipira nokha, tengani lisiti. Galimoto ya otomatiki kapena yokoka matayala onse anayi ikwezedwe pamwamba pa lole, isakokedwe ndi chingwe mtunda wonsewo, chifukwa giyabokosi imawonongeka.

7. Jobu khadi: apa ndi pamene nkhani imapindulidwa kapena kutayika.

Jobu khadi ndi pepala limene amatsegula galimoto ikalowa m'galaja. Pamalembedwa dandaulo lanu, makilomita, tsiku, ndi zimene apeza. Ambiri timangopereka kiyi, kusaina osawerenga, n'kuthamangira basi yobwerera. Musatero. Khalani pansi muwerenge.

Onani kuti alemba dandaulo lenileni. "Kuyang'ana galimoto" si dandaulo. Palembedwe kuti oyilo akudontha kutsogolo kwa injini kuyambira tsiku lakuti, pa makilomita akuti, ndipo mwini akupempha kuti zikonzedwe pa waranti. Mawu akuti waranti aoneke papepalapo. Jambulani pepalalo, sungani nambala yake. Pemphani kuti mukhalepo pamene akuikweza koyamba, asanatsuke, muone limodzi ndi makaniko, mujambulenso pansi pake. Mukapempha mwaulemu, ambiri amalola kuti muime chapatali n'kumaona.

Tsono mverani bwino mayankho amene mungakumane nawo, chifukwa ndawamva onse.

Loyamba: "Ndi thukuta chabe, bwana, muziyang'anira." N'zoona kuti pali kunyowa pang'ono kumene opanga galimoto sakuona ngati vuto. Koma musachoke ndi mawu okha. Nenani kuti, "Chabwino akulu, ndavomera, koma mundilembere pa jobu khadi kuti mwaona thukutalo, mwandilola kuyenda, ndipo ndibwerenso pa makilomita akuti." Phindu la pepala limeneli mudzaliona patsogolo: vutolo likadzakula waranti itatha ndi mwezi umodzi, mudzaonetsa kuti munanena nthawi ikadalipo.

Lachiwiri: "Titsuka injini, muyende, mubwerenso." Iyi ndi njira yoona yofufuzira, si chinyengo. Amatsuka kuti aone pamene oyilo watsopano ayambire kutuluka, ndipo nthawi zina amathira utoto wapadera umene umawala akauunika ndi tochi yake. Pa kulanti amapopera mpweya m'radiyeta ndi kapampu n'kuona ngati mphamvu ikutsika. Vuto ndi lakuti kwa ife "mubwerenso" ndi ulendo wa makilomita 200 kupita ndi kubwera, pamodzi ndi mafuta ake. Auzeni kuti mumachokera kunyanja, ndipo pemphani kuti aiyendetse okha, aigoneke, aione mawa. Kugona kwa achibale ku Area 25 usiku umodzi n'kotchipa kuposa maulendo awiri.

Lachitatu, lomwe ndi lovuta kwambiri: "Mwaigunditsa pamwala." Akangomva kuti mumakhala ku Salima kapena ku Nkhotakota, ndipo pansi pali fumbi la misewu ya kumidzi, ganizo limeneli limabwera msanga. Nthawi zina amanena zoona. Sampu (chosungira oyilo pansi pa injini) yophwanyika, radiyeta yobooledwa ndi mwala, payipi yodyedwa ndi makoswe (ndipo makoswe amakonda galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a mpunga), zonsezi si vuto la fakitale, ndipo njira yake ndi ya inshuwalansi. Koma asangonena, akuonetseni. Mwala umasiya chipsera: kupindika, kukalika, chitsulo chowala pamene chagundidwa. Ngati chophimba cha pansi chili bwinobwino, ndipo oyilo akuchokera pamwamba, pa silu kapena pa gasiketi pamene mwala sungafike, funsani modekha kuti mwalawo unadutsa pati. Osakalipa. Wolandira alendo ku sevisi si amene amagamula; iye amatumiza zithunzi ndi lipoti kwa oona za waranti, ndipo mukufuna kuti lipotilo alilembe ali ndi mtima wabwino.

Palinso china chimene anthu amaiwala. Ngati kudontha kwayamba masiku ochepa chichokereni ku sevisi, kawirikawiri ndi fyuluta yosamangitsa, kawashala ka bawuti yotsitsira oyilo kamene sanasinthe, kapena oyilo amene anatayikira pothira. Imeneyo si nkhani ya fakitale, ndi ya galaja imene inagwira ntchitoyo, ndipo ikonze yokha mosakulipiritsani. Apa lisiti ya sevisi ndiye chida chanu.

Akavomera kukonza koma n'kunena kuti chipangizo akuitanitsa kunja, konzekerani kudikira, poti ndi mavuto a ndalama zakunja amene tonse tikuwadziwa, milungu imatha. Funsani kuti alembe tsiku limene aitanitsa, ndiponso ngati mukuloledwa kuyenda nayo podikira. Galimoto yobwereka funsani, koma musaiwerengere ngati si yolembedwa m'kabuku kanu. Ndipo musasaine pepala lililonse lovomera kulipira musanauzidwe molemba chifukwa chimene waranti yakanidwira.

Kwa madalaivala a m'maboma ndi m'mabungwe: lembani m'logibuku tsiku lomwelo ndipo uzani oyang'anira magalimoto. Kubisa poopa kukalipiridwa ndi kumene kumachotsetsa anthu ntchito.

8. Akakana, kwerani masitepe mmodzimmodzi.

Yambani ndi manijala wa sevisi. Lembani kalata ya tsamba limodzi: masiku, makilomita, manambala a jobu khadi, zimene mukupempha, ndi tsiku limene mukuyembekezera yankho. Akudindireni kope lanu. Zikakanika, lemberani likulu la kampaniyo. Pemphani kuti chipangizo chimene akuti munawononga achisunge. Pamwamba pa apo pali bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission ku Lilongwe, limene limalandira madandaulo a ogula, komanso la Consumers Association of Malawi. Kumeneko sadzafunsa kuti munakwiya bwanji. Adzafuna mapepala aja. Zothamangira kukalalata pa Facebook tsiku loyamba ine sindigwirizana nazo. Mumatseka khomo limene likanatseguka ndi kalata imodzi.

9. Tsiku lokatenga galimoto.

Musakatenge kutada. Pemphani pepala losonyeza zimene asintha, ngakhale pa ndalama palembedwe ziro, chifukwa ntchito ya waranti nayonso imafuna umboni. Tsegulani boneti pomwepo, solani dipusitiki, onani kulanti, suzumirani ngati chophimba cha pansi chabwezeredwa ndi mabawuti ake onse. Funsani kuti ntchito imeneyi ili ndi chitsimikizo cha nthawi yaitali bwanji.

Mukafika kunyumba, yalaninso katoni yatsopano usiku uliwonse kwa mlungu wathunthu. Tsiku loyamba ndi lachiwiri mungaone kadontho ka oyilo wakale wotsalira m'makona, kapena madzi otsukira. Zimenezo zimatha zokha. Dontho likaonekabe tsiku lachisanu, lembani tsiku pakatonipo, jambulani, ndipo uthenga wanu kwa dila uyambe ndi nambala ya jobu khadi yoyamba ija.